Munda wa Chatsworth: mmene munda wa esiteti yaikulu umakonzedwera

M'chigawo cha Derbyshire ku England muli esiteti yotchedwa Chatsworth. Nyumba yake yaikulu ili m'mbali mwa mtsinje wa Derwent, kumbuyo kwake kuli phiri la nkhalango, ndipo kuchokera panyumbapo kukwera phirilo kuli munda wokongoletsa wa maekala 105. Banja la Cavendish linagula malowa mu 1549 ndipo likadali pomwepo mpaka lero. Mkulu wa banjali amatchedwa Duke wa Devonshire, udindo wolowa mwana bambo akamwalira. Pa zaka zoposa 470, mundawu wakonzedwa, kuphwasulidwa ndi kukonzedwanso ndi anthu a maganizo osiyana. N'chifukwa chake uli sukulu yabwino kwa aliyense wofuna kumvetsa luso lokonza munda waukulu: zimene zinapirira zikuoneka, ndipo zimene zinafa zinasiya zizindikiro zake.

Kodi munda wa esiteti yaikulu si munda wamaluwa wa pakhomo wongokulitsidwa?

Ayi. Kusiyana kwake kuli pa mtunda ndi pa nthawi. Pakhomo munthu amaima pakhonde n'kuona munda wake wonse nthawi imodzi. Pa malo ngati Chatsworth, wokonza amaganizira zigawo zitatu. Choyamba ndi chozungulira nyumba, pomwe pali kapinga wometedwa, mabedi a maluwa, njira zothira miyala ndi akasupe. Chachiwiri ndi munda wokwera phiri, momwe muli mitengo, matanthwe, maiwe ndi tinjira tokhotakhota. Chachitatu ndi paki ya maekala oposa 1,000, momwe nkhosa ndi agwape zimadya msipu pansi pa mitengo ikuluikulu. Kupitirira apo ndiye minda ya alimi ndi nkhalango. Zigawo zonsezi ziyenera kulumikizana mwakuti munthu wosuzumira pawindo asathe kuloza pamene china chathera ndi pamene china chayambira.

Pa nkhani ya nthawi, maluwa a pakhomo amadzalidwa n'kuphuka chaka chomwecho, koma mtengo wa oak umafuna zaka zoposa 100 kuti ufike pa ulemerero wake. Amene amaudzala amadziwa kuti mthunzi wake adzaukhalira ndi zidzukulu. Wokonza munda wotere amayenera kuona m'maganizo mwake malo amene maso ake sadzawaona.

Nanga ntchitoyi imayambira pati?

Imayambira pa madzi ndi pa mmene nthaka yagonera. Maluwa amabwera komalizira. Mwayi waukulu wa Chatsworth ndi woti kuseri kwa phiri lomwe lili kum'mawa kwa nyumba kuli mtunda wosalimidwa umene umalandira mvula yambiri. Okonza anakumba ngalande zosonkhanitsa madzi a pamtundapo n'kuwatsogolera ku madamu amene anawakumba pamwamba pa phiri. Kuchokera kumeneko madzi amatsika okha, popanda pampu kapena injini, monga mmene madzi a m'damu la Mulunguzi amatsikira mumzinda wa Zomba.

Madzi omwewo amagwira ntchito kangapo asanafike kumtsinje. Amatsika pa mathithi omanga, n'kulowa m'mapaipi a pansi pa nthaka, n'kukatulukira pa kasupe wa pakapinga wa kum'mwera kwa nyumba, n'kulowanso pansi kukatulukira pa kasupe wina wa kumadzulo, kenako n'kukathira mu Derwent. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo wokonza munda wanzeru salimbana nawo. Amayamba waphunzira kumene amachokera, kumene amafuna kupita ndi kumene amadikha, kenako n'kuika njira, maiwe ndi mitengo motsatira zimenezo.

Munda waukulu woyamba unali wooneka bwanji?

Unali wa mizere yowongoka. William Cavendish, amene anakhala Duke woyamba mu 1694, anamanganso nyumbayi kuyambira mu 1687, ndipo anafuna munda wofanana ndi ya mafumu a ku France ndi Holland. Anaitana George London ndi Henry Wise, akatswiri otchuka a minda pa nthawiyo. Iwo anayala mabedi a maluwa okhala ngati zojambula za pansalu, mipanda ya mitengo yometedwa bwino, masitepe, ziboliboli ndi maiwe a ngodya zinayi. Munda wotere unkalankhula momveka kuti mwini wake ali ndi mphamvu yolamula ngakhale nthaka.

Mwa zinthu za nthawi imeneyo zomwe zikadalipo pali ziwiri zazikulu. Choyamba ndi mathithi omanga otchedwa Cascade, amene Mfalansa wina wodziwa za madzi, dzina lake Grillet, anawakonza mu 1696, ndipo patapita zaka zochepa anakulitsidwa. Ndi masitepe a miyala 24 otsika phiri molunjika kunyumba. Amisiri sanawaseme mofanana. Lina ndi lalitali, lina lalifupi, lina lili ndi mlomo wosiyana, mwakuti munthu akamakwera m'mbali mwake amamva madzi akusintha mawu, pena kuwawata, pena kugunda mwamphamvu. Pamwamba pake pali kanyumba ka miyala komwe Thomas Archer anakajambula, ndipo madzi amatuluka padenga pake ndi m'kamwa mwa ziboliboli zake.

Chachiwiri ndi dziwe lalitali lotchedwa Canal Pond, lokumbidwa mu 1702, lomwe ndi lotalika mamita pafupifupi 290. Kuti likumbidwe anasalaza kaphiri komwe kankatseka maso. Madzi ake anawaika pamwamba pang'ono kuposa kapinga wa pafupi ndi nyumba, ndiye munthu akaima kumapeto kwa dziwelo nyumba imaoneka ngati ikutuluka m'madzi. Kusiyana kwa masentimita ochepa chabe n'kumene kumabweretsa chodabwitsa chimenechi, ndipo kumasonyeza kuti luso la munda waukulu limagona pa muyezo.

Bwanji munda wodula chotere unaphwasulidwa patangotha zaka pafupifupi 60?

Maganizo a anthu anasintha, ndipo mtengo wosamalira unali wolemera. Mpanda wometedwa umafuna sizasi chaka ndi chaka, ndipo mabedi a zojambula amafuna manja ambiri opalira. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1700, eni malo a ku England anayamba kukonda malo ooneka ngati achilengedwe, a zitunda zotsetsereka bwino, madzi okhotakhota ndi mitengo ya m'magulumagulu. Mmisiri wamkulu wa kakonzedwe kameneka anali Lancelot "Capability" Brown, amene anabadwa mu 1716 ndipo anakonza mapaki oposa 170.

Duke wachinayi anamuitana chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1760. Mabedi ambiri akale anasanduka kapinga wotsetsereka. Maiwe ena anaumitsidwa. Minda ya kutsidya kwa mtsinje inasanduka paki. Derwent anamukulitsa ndi kumuwongolera njira kuti aoneke wamkulu kutsogolo kwa nyumba. Katswiri wa zomangamanga James Paine anamanga mlatho wa miyala, ndipo sanauike molunjika koma mopendekera, kuti mlendo wobwera pangolo aione nyumba pamalo pomwe imaoneka bwino koposa.

Chida chimene Brown ankachikonda m'mapaki ake ndi mpanda wobisika wotchedwa ha-ha. Amakumba dzenje lalitali ngati ngalande. Mbali ya kunyumba amamangako khoma loimirira lofika pamlingo wa kapinga, mbali ya kupaki amaisiya yotsetsereka. Nkhosa ikatsikira m'dzenjemo imakumana ndi khoma n'kubwerera, koma munthu wa panyumba saona mpanda uliwonse, amangoona udzu wobiriwira wopitirira mpaka kutali.

Ubwino wake ndi woti ku Chatsworth sanafafanize zonse. Cascade ndi Canal Pond anazisiya, ndipo lero zili m'gulu la zinthu zochepa za mtundu umenewu zomwe zinapulumuka ku England.

Ndiye kuti malo ooneka ngati achilengedwe ndi osavuta kukonza?

Ndi ovuta kwambiri, kungoti thukuta lake limabisika. Panalibe mathirakitala. Chitunda chilichonse chosalala chinasemedwa ndi mapiki ndi mafosholo, dothi n'kumatutidwa pa mawilibala ndi ngolo za akavalo. Pansi pa udzu panayalidwa ngalande zochotsa madzi kuti paki isasanduke dambo. Mitengo inkadzalidwa yambiri mothinana kuti itetezane ku mphepo, n'kuitchingira ziweto ndi mpanda, ndipo patapita zaka ankapatulira yofooka kuti yamphamvu itambasule nthambi. Gulu lililonse la mitengo linali ndi ntchito yake: lina kubisa khola kapena msewu, lina kutsogolera diso kuphiri. Brown anamwalira mu 1783, mitengo yake ikadali yaing'ono. Paki imene alendo amaisirira lero iye sanaione.

Nanga anthu amene ankakhala pamalopo zinawathera bwanji?

Funso limeneli siliyenera kulumphidwa. Pafupi ndi mtsinje panali mudzi wa Edensor, wa anthu okhala pa malo a banja la Cavendish, ambiri a iwo ogwira ntchito pa esitetiyo. Mudziwo unkaoneka kuchokera kunyumba yaikulu. Duke wachinayi anagwetsa gawo lina la nyumba zake pokonza paki, ndipo pakati pa 1838 ndi 1842 Duke wachisanu ndi chimodzi anasamutsa zotsalazo n'kuzimanga kuseri kwa chitunda. Nyumba zatsopanozo zinali za miyala, zolimba, iliyonse ya kamangidwe kake, ndipo lero mudziwo ndi wokongola zedi. Koma chifukwa chosamutsira chinali kukondweretsa maso a mwini malo, ndipo anthu okhala pa nthaka ya eni analibe mphamvu yokana. Zoterezi zinachitikanso m'maesiteti ena a ku England, ndipo kwina anthu sanamangiridwe bwino chotere.

Ndalama zake nazonso zinali ndi gwero. Zinkachokera ku lendi ya alimi a m'malo a banjali ku England ndi ku Ireland, komanso ku migodi. Munthu angathe kuukonda mundawu ndi mtima wonse, koma chikondicho chikhale chodziwa kuti pansi pa kapinga wina pali maziko a nyumba za anthu.

Joseph Paxton anali yani, ndipo bwanji dzina lake silisowa pa nkhani ya Chatsworth?

Anali mwana wa mlimi wa ku Bedfordshire, wobadwa mu 1803, amene anayamba ntchito ya m'munda ali mnyamata. Ankagwira ntchito m'munda wa bungwe la Horticultural Society ku Chiswick, pafupi ndi London, moyandikana ndi nyumba ina ya Duke wachisanu ndi chimodzi. Duke ankakonda kudutsa m'mundamo, ndipo atacheza naye kangapo anaona nzeru zake. Mu 1826 anamupatsa udindo woyang'anira munda wonse wa Chatsworth, asanakwanitse n'komwe zaka 23.

Paxton mwini anasimba za tsiku lake loyamba. Anafika m'bandakucha, zipata zili zotseka, ndiye anakwera khoma n'kuyendera munda wonse yekha. Pofika 6 koloko anali atagawa ntchito kwa antchito. Kenako anauza woyang'anira madzi kuti atsegule akasupe awaone. Pa chakudya cha m'mawa anakumana ndi Sarah Bown, m'bale wake wa mayi woyang'anira nyumba, amene anadzakhala mkazi wake ndiponso mzati wa ntchito zake, chifukwa ndiye ankayendetsa za malipiro ndi maakaunti mwamuna wake akachokapo.

Anakhala pa ntchitoyi zaka zoposa 30. Anadzala munda wa mitengo ya paini ya mitundumitundu, ndipo mu 1835 anayamba munda wina wosonkhanitsa mitengo ya m'maiko osiyanasiyana. Anaphunzira kuzula mitengo ikuluikulu ndi dothi lake n'kuiwokera pena. Kuyambira mu 1842 anamanga munda wa matanthwe, kusanjikiza miyala yolemera matani ambiri mpaka thanthwe lina lotchedwa Wellington Rock linafika mamita pafupifupi 14, madzi akugwa kuchokera pamwamba pake. Mphamvu yake inali yoti ankadziwa zomera, madzi, chitsulo ndi galasi nthawi imodzi, ndipo anali ndi bwana womukhulupirira. Munda waukulu umafuna anthu awiri otere: wina wa masomphenya ndi chuma, wina wodziwa dothi.

Kasupe wotchuka uja amaponya bwanji madzi m'mwamba popanda injini?

Mu 1843 kunamveka kuti mfumu ya ku Russia, Nicholas woyamba, ibwera ku England chaka chotsatira. Duke ankadziwana nayo ndipo anali ataona akasupe ake ku Peterhof, choncho anafuna kuilandira ndi kasupe woposa amenewo. Paxton anakumba ngalande ya makilomita pafupifupi anayi yodutsa pamtunda wa pamwamba, yosonkhanitsa madzi a m'timitsinje. Anakumbanso damu la maekala asanu ndi atatu pamalo okwera mamita oposa 100 kuchokera pomwe pali nyumba. Kuchokera m'damumo anayala paipi yaikulu yachitsulo yotsika phiri mpaka ku Canal Pond. Anthu ankagwira ntchito usana ndi usiku, usiku akuunikira ndi miyuni, ndipo inatha m'miyezi isanu ndi umodzi.

Chinsinsi chake ndi kulemera kwa madzi. Madzi odzaza paipi kuchokera pamwamba pa phiri amakankha a pansi ndi mphamvu yaikulu, ndipo akapeza kabowo kopapatiza kumapeto amathuvuka kulunjika kumwamba. Kasupeyu, wotchedwa Emperor Fountain, anafikapo mamita 90. Mfumu ija inabweradi ku England mu 1844 koma ku Chatsworth sinafike. Kasupe anatsala, ndipo akugwirabe ntchito patatha zaka zoposa 180. Masiku ambiri samutsegula mokwanira pofuna kusunga madzi, ndipo chilimwe chikauma amamuchepetsera maola. Mu 1893 madzi a m'paipi anayamba kuzungulitsa makina opangira magetsi a m'nyumba, ntchito imene inaima mu 1936 n'kudzayambiranso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Nanga nyumba yagalasi yaikulu ija inapita kuti?

Apa ndiye pali phunziro lalikulu la munda wonsewu. Pakati pa 1836 ndi 1840 Paxton anamanga nyumba yagalasi yosungiramo zomera za kumaiko otentha, yotchedwa Great Conservatory. Inali yotalika mamita 84 ndi yotambalala mamita 37, ndipo pa nthawiyo panalibe ina yoposa imeneyi pa dziko lonse. Pakati pake panali msewu woti ngolo ya akavalo n'kudutsa, ndipo Mfumukazi Victoria inadutsamodi itabwera mu 1843, nyali zikwizikwi zikuwala. Munali migwalangwa, nthochi, maiwe ndi matanthwe.

Koma Derbyshire ndi dziko lozizira, logwa chipale chofewa. Kuti zomera za kotentha zikhale ndi moyo, pansi pa nyumbayo panali ng'anjo zisanu ndi zitatu zotenthetsa madzi oyenda m'mapaipi a makilomita oposa khumi. Nyengo yozizira iliyonse zinkadya matani pafupifupi 300 a malasha. Kuti alendo asaone zakuda, malasha ankabwera pa tingolo toyenda m'njira ya pansi pa nthaka, ndipo utsi unkadutsa m'mphako yokwera phiri kukatulukira pa chumuni chobisika m'nkhalango.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, malasha anasowa ndipo anyamata a m'munda anapita kunkhondo. Moto utazima zomera zinafa. Mu 1920 nyumbayo inagwetsedwa ndi zophulitsa. Chinatsala ndi khoma la maziko ake, ndipo mu 1962 m'kati mwake anadzalamo mitengo ya yew yoposa 1,200 yopanga tinjira tosokoneza tomwe ana amakonda kusocheramo.

Zinthu ziwirizi zinapangidwa ndi munthu mmodzi m'zaka zoyandikana. Kasupe amadalira mvula ndi phiri, zomwe malowo ali nazo kale, ndipo akadalipo. Nyumba yagalasi inkadalira malasha ndi thumba la mwini, ndipo inapita pa tsoka loyamba lalikulu. Chimene chimagwirizana ndi nthaka chimasamalidwa ndi nthakayo. Chimene chimalimbana nayo chimafuna kulipiriridwa tsiku lililonse.

Zomera zachilendozo ankazipeza bwanji?

Ankachita kutuma anthu. Mu 1835 mnyamata wa m'munda dzina lake John Gibson anatumidwa ku India, ndipo anabwerako mu 1837 ndi maluwa a orchid a mitundu yambiri. Ulendo wotsatira unatha ndi maliro. Robert Wallace ndi Peter Banks, amene anatumidwa kumadzulo kwa North America kukafuna mbewu za mitengo, anamira mumtsinje wa Columbia mu 1838, ndipo Chatsworth sinatumenso anthu pa maulendo otere.

Chomera china chili ndi dzina lomwe alimi a kwathu kuno amalidziwa. Chapakati pa zaka za m'ma 1830 Paxton anakulitsa mtundu wa nthochi yaifupi imene inafika ku England kudzera ku Mauritius. Anaipatsa dothi la manyowa ambiri, madzi ndi kutentha mpaka inabereka, ndipo anaitcha dzina la banja la bwana wake. Mmishonale John Williams anatenga zina mwa mbewuzo kupita nazo ku Samoa. Lero pafupifupi nthochi zonse zogulitsidwa kuchokera dziko lina kupita lina ndi za gulu la Cavendish, ndipo kabuthu amene amalimidwa ku Malawi ali m'gulu lomwelo. Ku Chatsworth akulimabe nthochizi m'nyumba yagalasi yaing'ono.

Kenako kunabwera kakombo wamkulu wa ku Amazon. Mu Ogasiti 1849 Paxton analandira kambande kuchokera ku munda wa Kew, n'kukaika m'thanki ya madzi ofunda momwe munali kagudumu kogwedeza madzi kuti azikhala ngati akuyenda. Mu Novembala chaka chomwecho kanachita duwa, koyamba ku England. Masamba ake anakula kuposa mita imodzi, ndipo Paxton anaimika mwana wake wamkazi Annie patsamba limodzi osamira. Atalitembenuza anaona mitsempha yolimba yochokera pakati, yolumikizidwa ndi ina yopingasa. Kamangidwe kameneka kanamuthandiza pomanga nyumba yagalasi ya kakomboyo, ndipo nyumbayo inakhala chitsanzo cha Crystal Palace, nyumba yaikulu yagalasi ndi chitsulo imene anaijambula kuti ichitikiremo chionetsero cha ku London cha 1851.

Luso limeneli linathera m'minda ya anthu olemera okha?

Ayi, linatuluka pachipata. Paxton anajambula Birkenhead Park pafupi ndi Liverpool, yomwe inatsegulidwa mu 1847. Inamangidwa ndi ndalama za anthu a m'tauniyo kuti aliyense azilowamo, wolemera ndi wosauka. Mu 1850 Frederick Law Olmsted wa ku America anaiyendera n'kuchita nayo chidwi, ndipo patapita zaka zochepa iye ndi Calvert Vaux anajambula Central Park ya ku New York. Zitunda, maiwe ndi magulu a mitengo zimene zinayesedwa m'maesiteti zinakhala malo opumira a anthu a m'mizinda.

Ndani amalipira zonsezi masiku ano?

Makamaka alendo. Ngakhale Duke wa nthawi ya Paxton anagwa m'ngongole zazikulu mpaka anagulitsa esiteti yake ya Londesborough ku Yorkshire. Vuto lalikulu linadza mu 1950 pamene Duke wa nambala 10 anamwalira mwadzidzidzi, boma n'kufuna msonkho wa 80 peresenti pa chuma chamasiye. Mwana wake Andrew anagulitsa malo ambiri, anapereka zithunzi ndi mabuku amtengo wapatali, ndiponso nyumba ya Hardwick Hall, ndipo anatenga zaka zambiri kuti amalize kulipira.

Iye ndi mkazi wake Deborah anasankha kuti Chatsworth izidzipezera yokha. Analowa m'nyumbamo mu 1959, anatsegula khola loti ana aziona ziweto mu 1973 ndi sitolo ya zokolola za pa esiteti mu 1977. Mu 1981 nyumba, munda ndi paki zinaperekedwa pa lendi ya zaka 99 ku bungwe losapanga phindu lotchedwa Chatsworth House Trust, ndipo banjali limalipira lendi pa zipinda zomwe limakhalamo. Anthu oposa theka la miliyoni amabwera chaka chilichonse, ndipo ndalama za pachipata zimapita ku ntchito yosamalira malowo. Zimenezi zinasintha kakonzedwe ka munda. Tsopano wokonza amaganizira njira zopirira mapazi ambiri, malo odutsa njinga za olumala, ndi zomera zoti mlendo wa mwezi uliwonse apeze choona.

Kodi munda wotere umafika poti watha?

Sufika. Andrew ndi Deborah anadzala mpanda wokhotakhota wa mitengo ya beech mu 1953 ndi munda watsopano wa masamba ndi zipatso chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'nthawi ya mwana wawo, amene analowa udindo mu 2004, Dan Pearson anakonzanso m'mbali mwa kamtsinje kotchedwa Trout Stream, ndipo Tom Stuart-Smith anatsegula gawo la maekala 15 lomwe linali litangokhala thengo n'kulitcha Arcadia. Kumeneko anasunga mitengo ikuluikulu yakale, anachotsa zitsamba zotchinga kuwala, n'kudzala zomera zophuka chaka ndi chaka mothinana kuti ziphimbe nthaka udzu usapeze malo. Ndi kadzalidwe koganizira kuti manja ndi ochepa, pakuti antchito a m'munda lero ndi pafupifupi 20 kapena kuposerapo pang'ono, othandizidwa ndi anthu odzipereka.

Zakale nazo zimafuna chisamaliro. Patatha zaka zoposa 300, madzi a pa Cascade anayamba kulowerera m'ming'alu ya miyala n'kumafooketsa za pansi pake, ndipo kukonza kwake kukufuna mapaundi mamiliyoni angapo. Mitengo ya nthawi ya Brown ikukalamba, choncho ina iyenera kudzalidwa panopa kuti idzalowe m'malo.

Munthu amene ali ndi malo aakulu ndipo akufuna kuwakonza atengepo chiyani?

Atengepo ndondomeko ya ntchito. Asathamangire kunazale. Ayambe wayenda pamalopo nyengo zonse za chaka, aone kumene madzi amayenda mvula ikagwa, kumene mphepo imachokera, pomwe nthaka ndi yakuya ndi pomwe pali mwala. Kenako akonze za madzi: kowasunga kumtunda, kowadutsitsa ndi kowatayira. Pambuyo pake abwere ndi misewu ndi njira, chifukwa ngolo zolemera zimawononga zodzala. Akatero adzale mitengo ikuluikulu msanga, popeza ndiyo imachedwa, ndipo yomwe waipeza kale aisunge. Zitsamba zitsatire, maluwa akhale omalizira.

Asanakumbe afunsenso kuti pamalopo pakukhala yani, akutunga madzi yani, akudutsa yani. Munda womangidwa pa madandaulo a anthu umanyamula mbiri imeneyo mpaka kalekale. Ndipo pa chilichonse chimene akufuna kumanga, kaya ndi dziwe, kasupe, nyumba yagalasi kapena kapinga wa maekala ambiri, adzifunse kuti chidzafuna madzi angati, mafuta angati ndi manja angati chaka chilichonse, komanso ngati amene adzalowe m'malo mwake adzakwanitse kuzipeza pa chaka choipa. Chimene yankho lake ndi inde achimange molimba kuti chidzafike kwa zidzukulu. Chimene yankho lake ndi ayi achichepetse kapena achisiye, ndalamazo agulire mitengo.